Ciwongolero Cikamagwedera Kapena Kunjenjemera

Magalimoto ambiri onyamula fodya, cimanga ndi anthu pakati pa Furancungo ndi Tete ndi akale, monga Land Cruiser ndi Hilux. Maenje a m'misewu yafumbi amadya msanga zitsulo zakutsogolo.

Imikani galimoto, matayala alunjike. Pukusani pang'ono ciwongolero, cija ena amati volante. Cikayenda kupitirira zala ziwiri matayala asanasunthe, ndiye kuti cina catha.

Tsekerani matayala akumbuyo ndi miyala, mukweze kutsogolo ndi jeke. Gwirani tayala uku ndi uku n'kuligwedeza. Likamagogoda, kawirikawiri vuto ndi tayirodi, citsulo cokhotetsa tayala. Likagwedera mutagwira pamwamba ndi pansi, kayikirani bering'i kapena bojointi.

Nanga kunjenjemera mukafika makilomita 80 pa ola? Yambani ndi zosavuta: matope ouma mu limu, tayala lotupa, manati omasuka. Kukapitirira, kacititseni balansi ya matayala. Kukamabwera pokhapokha mwaponda mabuleki, makaniko aone madisiki.

Musazengereze ayi. Tayirodi ikaduka pamtsetse, galimoto simveranso ciwongolero, cikhalireco mwanyamula anthu.