Chimene Damon Hill Analandira kwa Bambo Ake

Pa mpikisano wa magalimoto wa Formula One, mayina ena sachoka: Hill, Villeneuve, Rosberg, Schumacher, Verstappen. Anthu akaona mwana akupambana pomwe bambo ake anapambanapo, amafulumira kunena kuti make mbuu mwana mbuu, luso lili m'magazi. Koma mbiri ya masewerowa imaonetsa zina. Chimene banja la oyendetsa magalimoto a mpikisano limapatsa mwana kwenikweni ndi nthawi. Limamukweza pa kagalimoto ka kart akadali wamng'ono, limamugulira matayala ndi mainjini kwa zaka zambirimbiri, ndipo limakamuonetsa kwa eni matimu asanamere ndevu. Max Verstappen, amene bambo ake Jos anamuphunzitsa okha kuyambira ali kamwana, analowa mu Formula One mu 2015 ali ndi zaka 17. Kuti timvetse kulemera kwa chuma chotere, tione munthu amene chinamupulumuka m'manja n'kutsala ndi dzina lokha, Damon Hill wa ku England.

Bambo ake, Graham Hill, anali ngwazi ya dziko lonse mu 1962 ndi timu ya BRM komanso mu 1968 ndi Lotus. Anapambana kasanu ku Monaco, anapambana Indianapolis 500 mu 1966 ndi Le Mans mu 1972. Damon anabadwa pa 17 September 1960 m'nyumba imene akatswiri a nthawiyo ankalowa ndi kutuluka ngati kwawo. Zonsezi zinatha usiku umodzi. Pa 29 November 1975, ndege imene Graham ankayendetsa yekha pochokera ku France inagwa mu nkhungu ku Arkley, kumpoto kwa London, ndipo anthu onse 6 amene anali m'ndegemo anafa, kuphatikizapo Tony Brise, dalaivala wachinyamata wa timu yake. Mapepala a ndegeyo sanali m'malo mwake, inshuwalansi sinagwire ntchito, ndipo chipukuta misozi cha mabanja a omwalirawo chinadya chuma cha banja la Hill. Damon anali ndi zaka 15. Msinkhu umene anzake a m'tsogolo ankakhala akuzungulira mabwalo a kart, iye anautha akugwira ntchito pa malo omanga nyumba, kenako akuperekera makalata ndi katundu pa njinga yamoto m'misewu ya London.

Mtima wake unalinso pa njinga zamoto, ndipo mpikisano wake woyamba mu 1981 unali wa njingazo. Mayi ake a Bette, poopa ngozi za njinga, ndi amene anamukakamiza kukaphunzira kuyendetsa galimoto ya mpikisano kusukulu ya Winfield ku France mu 1983. Kuchokera apo anakwera pang'onopang'ono, Formula Ford, Formula Three, kenako Formula 3000 kumene sanapambaneko ngakhale kamodzi. Mpikisano wake woyamba wa Formula One unali wa ku Silverstone mu 1992, ali ndi zaka 31, pa galimoto ya timu ya Brabham imene inali itatsala pang'ono kugwa ndi ngongole. Anamaliza kumapeto kwenikweni, Nigel Mansell atamupitirira kanayi. Chopweteka n'chakuti galimoto ya Williams imene Mansell anapambanira tsikulo, Damon ankaidziwa mkati ndi kunja, chifukwa kuyambira 1991 ndiye ankalembedwa ntchito yoiyesa. Magazi a Graham anali nawo m'thupi zaka zonsezi. Chimene analibe ndi zaka zaubwana zimene ena amathera pa chiwongolero, ndipo kusowa kwake kunamutsatira mpaka kumapeto: anafika mochedwa, ndipo zaka zake zapamwamba zinali zochepa.

Wina anganene kuti dzina lokhalo ndi chuma chokwanira, ndipo sakunama kwenikweni. N'zovuta kukhulupirira kuti munthu wa zaka 30 wosapambanako mu Formula 3000 akanaitanidwa ndi Frank Williams, mwini timu ya Williams, akanakhala mwana wa munthu wamba. Dzina limachititsa kuti lamya yako iyankhidwe, ndipo makampani olipirira masewero amakonda nkhani ya mwana wotsata mapazi a bambo ake. Koma dzina limathera pakhomo. Mick Schumacher anali ndi dzina loposa onse, koma timu ya Haas inamusiya kumapeto kwa 2022 atayendetsa zaka ziwiri zokha. Bruno Senna ndi Nelson Piquet wamng'ono nawonso analowa ndipo anatuluka osapambanako mpikisano uliwonse wa Formula One. Damon anapatsidwa malo a Mansell mu 1993 chifukwa mainjiniya a Williams anali ataona kale nthawi zake pa wotchi ndiponso luso lake lofotokoza vuto la galimoto. Chaka chimenecho chinayambira ku Kyalami ku South Africa, mpikisano umene mpaka lero ndi womaliza wa Formula One mu Africa, ndipo Damon sanaumalize n'komwe. Koma chaka chisanathe anali atapambana katatu motsatizana, ku Hungary, ku Belgium ndi ku Italy, ali mnzake wa Alain Prost m'timu.

Dzinalo linasanduka katundu wolemera mu 1994. Ayrton Senna, mnzake wa m'timu, atafa ku Imola pa 1 May, timu yonse inayang'ana kwa Damon, amene anali m'chaka chake chachiwiri chokha ku Williams. Patatha milungu inayi anapambana ku Spain, ndipo atolankhani sanachedwe kukumbutsa kuti Graham anachita chimodzimodzi mu 1968, kupambana ku Spain patangopita nthawi yochepa mnzake wa m'timu Jim Clark atafera ku Hockenheim. Kufanana kotere kumakometsa nkhani m'nyuzipepala, koma kwa mwini wake kumatanthauza kuti chilichonse chimene wachita chimayezedwa ndi munthu amene kulibenso. Chaka chimenecho anataya chikho ndi pointi imodzi, 92 kwa 91, atagundana ndi Michael Schumacher ku Adelaide.

Chotsutsa china, chimene chimamveka kwambiri, n'chakuti Damon anapambana chifukwa cha galimoto. Williams ya injini ya Renault, yopangidwa ndi Adrian Newey ndi Patrick Head, inali yoposa zonse, ndipo mu 1996, pamene anakhala ngwazi ya dziko lonse ku Suzuka ali ndi zaka 36, wopikisana naye weniweni anali mnzake wa m'timu yomweyo, Jacques Villeneuve, nayenso mwana wamasiye wa masewerowa, popeza bambo ake Gilles anafa ku Zolder mu 1982. Ngakhale Williams yomwe inaoneka kuti ikuganiza choncho, poti inamuuza kuti sadzapitiriza chaka chisanathe n'kutenga Heinz-Harald Frentzen. Sitingakane kuti Damon sanali wa msinkhu wa Senna kapena Schumacher, ndipo mu 1995 analakwitsa kambiri. Koma palibe ngwazi imene inatenga chikho pa galimoto yofooka, ndipo pali masiku atatu amene galimoto sikufotokoza: ku Suzuka mu 1994, pamene anagonjetsa Schumacher pa mvula yamphamvu, ku Hungary mu 1997, pamene anatsogola ndi Arrows, galimoto yotsalira, mpaka kuzungulira komaliza pomwe inamuvuta n'kumaliza wachiwiri, ndi ku Spa mu 1998, pamene anapatsa timu ya Jordan chipambano chake choyamba. Luso limeneli analipeza ali wamkulu, m'masiku aatali oyesa galimoto pa mabwalo opanda oonerera.

Damon anasiya mpikisano mu 1999 atapambana maulendo 22, kuposa 14 a bambo ake. Anali mwana woyamba wa ngwazi ya Formula One kukhalanso ngwazi, ndipo panapita zaka 20 Nico Rosberg, mwana wa Keke, asanachite zomwezo mu 2016. Mwana wa Damon, Josh, analowa nawo mpikisano bambo ake ali moyo, dzina lilipo, njira zili zotsegula. Mu 2013 anasiya yekha n'kukatsata nyimbo.