Bwato, Matanga ndi Fayiba pa Gombe la Karonga

Gombe la Karonga lili chakumapeto kwa Nyanja ya Malawi, kumpoto, komwe mphepo ya mwera imafika itayenda pamadzi mtunda wa makilomita oposa 500. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mphepoyi imautsa mafunde aafupi, otsatana pafupipafupi, amene amadzaswekera pamchenga wa madzi osaya. Chombo chilichonse chimene chagwirapo ntchito kuderali chayesedwa ndi zinthu ziwirizi, mwera ndi gombe losaya.

Choyambirira ndi bwato losema. Mmisiri amagwetsa mtengo umodzi waukulu, kale makamaka mbawa, n'kuufukula m'kati ndi nkhwangwa ndi kasemasema. Milomo ya bwato amaisiya yopindikira m'kati, kukamwa kuli kopapatiza, moti wopalasa amakhala pamwamba pa milomoyo miyendo yokha ili m'kati. Wosadziwa angaganize kuti mmisiri anachita ulesi, koma kupapatizako n'kumene kumatsekereza funde kuti lisadzaze bwato. Pansi pake ndi pobulungira, motero limagwedera msanga, ndipo thanga lalikulu likhoza kuligubuduza. N'chifukwa chake mphamvu ya bwato yakhala ili pankhafi. Ndi mabwato otere Akisi a kutsidya, m'munsi mwa mapiri a Livingstone, ankabweretsa miphika yawo kwa anthu a m'zigwa za kumpoto kwa nyanjayi. Lero mitengo ikuluikulu inatha, amisiri akusema ngakhale mango, ndipo bwato long'aluka limamatidwa ndi phula ndi zidutswa za malata.

Matanga enieni anabwera ndi amalonda a Chiswahili m'zaka za m'ma 1800. Jumbe wa ku Nkhotakota ankakhoma zombo za matabwa, ndipo David Livingstone anaona chimodzi chikukhomedwa kumeneko mu 1863. Thanga lake linali la nsonga zitatu, lomangidwa pamtengo wautali wopendekeka umene unkakwezedwa pamlongoti. Thanga lotere limakoka bwino mphepo ikamachokera kumbuyo kapena m'mbali, koma kulimbana ndi mphepo ya kutsogolo n'kovuta, chifukwa pokhota pamafunika anthu angapo kuti azungulitse mtengo wonsewo kuupititsa mbali ina ya mlongoti. Nyanjayi ndi yotalika kuchoka kumwera kupita kumpoto, ndipo mwera ndi mpoto zimatsata utali womwewo, choncho wowoloka kupita kummawa mphepo inkamuomba m'mbali, mmene thangalo limafunira. Deep Bay, imene lero ndi Chilumba, inali imodzi mwa malo owolokera. Chomvetsa chisoni n'chakuti luso lonseli linkanyamula minyanga ya njovu ndi anthu ogwidwa ukapolo, malonda amene Mlozi, mmodzi wa amalonda a Chiswahiliwo, anakhazikitsa ku Karonga mpaka pamene anagonjetsedwa ndi kunyongedwa mu Disembala 1895.

Sitima za nthunzi zinalanda malo a matanga mwachangu. Ilala yoyamba inalowa m'nyanjayi mu Okutobala 1875, ndipo African Lakes Company inatsegula sitolo ku Karonga mu 1884. Sitima yotentha nkhuni sinkadikira mphepo. Komabe injini sinathetse vuto la kapangidwe. Pa 30 Julayi 1946 sitima ya Viphya, imene inali yatsopano koma yolemera kumwamba, inagubuduzika ndi namondwe kufupi ndi Florence Bay, kumwera kwa Chilumba, ndipo anthu 145 anamira. Ilala yachiwiri, yopangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland, inayamba ntchito mu 1951, ndipo Chilumba ndilo doko lake lakumpoto.

Fayiba ndi mlendo wa posachedwa. Ndi ulusi wa galasi wolukidwa ngati nsalu, umene amauyala m'chikombole n'kuunyowetsa ndi utomoni wouma gwa. Ku America maboti a matanga a mtunduwu anayamba kuoneka kumapeto kwa zaka za m'ma 1940, ndipo anafala litatuluka boti la Pearson Triton mu 1959, lojambulidwa ndi Carl Alberg. Opanga oyambirira sankaikhulupirira kwenikweni fayiba, motero ankaiyala mochindikala, n'chifukwa chake maboti ambiri a nthawi imeneyo akadali pamadzi. Koma boti ngati Triton lili ndi chitsulo cholemera chotsikira pansi kuti lisagubuduzike, ndipo silingakokeredwe pamchenga ngati bwato; limafuna doko lakuya kapena malo obisika ngati dziwe la Kambwe.

Boti la fayiba loyenerana ndi gombe lotere ndi Hobie 16, limene Hobie Alter anatulutsa cha m'ma 1970. Lili ndi matupi awiri owonda, opindika ngati nthochi, olumikizidwa ndi nsalu yolimba pomwe oyendetsa amakhala. Mbali yakunja ya thupi lililonse ndi yophwatalala, ndipo ndiyo imaletsa boti kutengedwa cham'mbali, kotero silisowa thabwa lotsikira pansi. Limatera pamchenga bwinobwino ndipo mphepo ya m'mbali imalithamangitsa koopsa. Chilema chake n'chakuti mphuno imatha kumira m'funde boti n'kugudubuka chamutu, zimene mafunde aafupi a mwera amachititsa mosavuta. Maboti a matupi awiri otere ndiwo amapikisana pa mpikisano wa Lake Malawi Yachting Marathon, umene umayambira kumwera n'kutsata mwera kupita kumpoto.

Kwa asodzi a ku Ngara, Kaporo ndi Chilumba, fayiba inafika ndi injini osati matanga. Siwola ndipo ndi yopepuka, koma ikabooka pamafunika utomoni ndi ulusi wogula kutali, pamene boti la matabwa mmisiri wa pamudzi amalikonza ndi misomali ndi phula. Pa usodzi wa usipa wogwiritsa ntchito khoka la chilimira, boti la injini limakoka gulu kupita pakati pa nyanja, koma nyali zokopera nsomba zimanyamulidwabe ndi bwato losema.