Masitolo a kale: khomo, kazenera ndi khonde

Achinyamata a lero amangolowa m'sitolo iliyonse n'kumasankha katundu okha. Kale sizinali choncho, ndipo mamangidwe a masitolowo ndi amene akuchitira umboni.

Tiyambire ku Blantyre. Kampani ya African Lakes inayamba ku Glasgow m'chaka cha 1878, ndipo nyumba yake ya Mandala inamangidwa mu 1882. Ndi yosanjikizana, ya makoma ochindikala, ndipo ili ndi makonde aakulu otchinga dzuwa ndi mvula. Dzinali linachokera ku magalasi a m'maso a John Moir. Pambuyo pake kunabweranso Kandodo, ya kampani ya London and Blantyre Supply. Awa ndiwo anali masitolo apamwamba kuno kwathu.

Koma zenizeni ankaziona makolo athu amene anapita kukagwira ntchito kummwera, makamaka nthawi ya chitaganya, kuyambira 1953 mpaka 1963. Ku Salisbury kunali Barbours ndi Meikles, ku Bulawayo Haddon & Sly, ku Joni Stuttafords ndi John Orr's. Sitolo imodzi inkakhala ndi zigawo zambiri: zovala uku, mipando uku, mafuta onunkhira uko. Munali zikepe zokwerera pamwamba, chipinda chomwera tiyi, ndi mazenera aakulu agalasi mmene zidole zovekedwa masuti zinkaima moyang'ana msewu.

Galasi limenelo linkaonetsa katundu kwa aliyense, koma khomo linkasankha. Munthu wakuda ankasesa, kunyamula katundu ndi kulondera usiku, koma pogula, m'masitolo ambiri a azungu ankamuimika pa kazenera kam'mbali. Ku Northern Rhodesia, chipani cha ANC cha Harry Nkumbula chinanyanyala masitolo otere m'zaka za m'ma 1950.

Nanga kumidzi, m'malo amalonda ngati kuno ku Mayani? Anthu ankadalira sitolo ya mwenye: denga la malata, kauntala wautali, nsalu m'mashelefu, banja likugona kuseri, telala ali pakhonde ndi makina ake. Pamenepo munthu ankagwira nsalu, kunenerera mtengo, n'kusoketseratu. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr Banda linachotsa amwenye kumidzi n'kuwalola kuchita malonda m'mizinda ikuluikulu yokha, ndipo masitolo ambiri anasanduka mabwinja.

Choncho aphunzitsi anzanga, tikamaphunzitsa za utsamunda tisamangoloweza ana mayina a abwanamkubwa. Tiwatengere ku sitolo yakale yapafupi, aone khomo, zenera ndi khonde, kenaka akafunse agogo awo kuti iwo ankaima pati pogula.