Mkhalakale si nkhalamba chabe

Ambiri akamva mawu oti "mkhalakale" amangoti ndi dzina lina la nkhalamba. Ayi ndithu. Nkhalamba timaizindikira ndi imvi, pomwe mkhalakale timamudziwa ndi ntchito imene wakhalitsamo mpaka kuidziwa bwino lomwe. Mawuwa ndi athuathu, ochokera ku "kukhala" ndi "kale".

Tiyerekeze muli pamaliro a gogo amene atisiya atakwanitsa zaka 100. Mdzukulu waimirira kuwerenga mbiri ya malemu. Agogowo analowa usilikali wa King's African Rifles ku Zomba, n'kukamenya nkhondo ku Burma mu 1944. Atabwerako anatsegula golosale, ndipo phindu la sopo, mchere ndi palafini ndi limene linaphunzitsa ana ndi adzukulu. Mamendulo awo aikidwa pamwamba pa bokosi. Mdzukuluyo akati, "Agogo anali mkhalakale pa usilikali ndi pa malonda," walasa penipeni. Akanangoti anali nkhalamba, akanabisa thukuta lawo lonse.

Choncho mawuwa tisamangowamwaza. Tiziwasungira anthu amene anapirira pa ntchito yawo, ndipo tiziwatchula choncho adakali moyo kuti adzimvere okha ulemuwo.