Mdzukulu akanyamula kamera

Mu 1994 Licínio Azevedo, wojambula mafilimu amene anabadwira ku Brazil koma anakhazikika ku Mozambique dziko litangolandira ufulu, anatulutsa filimu yotchedwa A Árvore dos Antepassados. Nkhani yake ndi ya kuno ku Tete. Nkhondo yapachiweniweni itafika m'chigawo chino mu 1984, banja lina lalikulu linathawira ku Malawi, motsogozedwa ndi mwana wa m'banjamo amene akuluakulu anamusankha. Pothawa panalibe mpata wotsanzika kwa makolo amene anagona. Patadutsa zaka 10, mfuti zitaleka kulira, kamera inatsatira banjalo pa ulendo wobwerera kumudzi, kukapepesa pa tsinde la mtengo wa makolo awo.

Filimuyi ndi dokumentale, kapena documentário monga amanenera ophunzira a kuno: anthu ake ndi enieni, ulendowo unachitikadi. Koma odziwa ntchitoyi amasiyanitsa filimu yonena za banja la eni ake ndi filimu imene wojambulayo ndi mwana wa m'nyumba momwemo. Azevedo anali mlendo wa maso akuthwa ndi mtima wabwino, komabe mlendo ndi mame. Ntchito itatha analongedza zida zake n'kubwerera ku Maputo. Mu mtundu wachiwiriwu, umene ndiutche dokumentale ya munthu mwini, wogwira kamera ndi mdzukulu, mwana kapena mphwake wa amene akujambulidwa. Iyeyu alibe kolowera. Maliro akagwa mawa adzakhala pa mphasa imodzi ndi anthu amene anawaika mu filimu. N'chifukwa chake mawu amene ojambula amatchula tsiku ndi tsiku amasintha tanthauzo akafika kwa iye, ndipo popeza achinyamata ambiri a m'dera lino la Mateus Sansão Muthemba, mumzinda wa Tete, akuyenda ndi foni yojambula m'thumba, nthawi yowadziwa mawuwa yakwana.

Tiyambe ndi mawu a wofotokoza, amene m'Chipwitikizi amati voz off: munthu akulankhula koma sakuoneka. Amene anakula m'zaka za m'ma 1980 akukumbukira Kuxa Kanema, nkhani za pa kanema za mphindi pafupifupi 10 zimene Instituto Nacional de Cinema inkakonza, n'kumazionetsa m'mizinda komanso m'midzi pa magalimoto onyamula pulojekita. Wofotokoza wa m'menemo ankalankhulira dziko lonse. Ankati "ife", ankadziwa zonse, ndipo sankakayikira kanthu. Mu filimu ya munthu mwini wofotokoza amati "ine", ndipo amaloledwa kuvomera kuti mutu wamuima. Safi Faye wa ku Senegal anakonza Kaddu Beykat mu 1975 ngati kalata yochokera kumudzi kwawo. Chantal Akerman wa ku Belgium, mu News from Home, amawerenga makalata a mayi ake kwinaku tikuona misewu ya New York, ndipo nthawi zina phokoso la magalimoto ndi sitima limameza mawuwo, dala.

Kuno funso limabwera msanga: "ine" ameneyo alankhule chinenero chanji? Mdzukulu anaphunzira m'Chipwitikizi ndipo amalota zokaonetsa filimu ku Maputo kapena ku Lisboa. Agogo amalankhula Chinyungwe, kapena Chichewa ngati kwawo ndi ku Angónia, Tsangano kapena Macanga. Pakati pawo pamaima timawu tolembedwa m'munsi mwa chithunzi, ma legenda, timene sitipitirira mizere iwiri. Agogo akayamba ndi malonje, n'kutchula mwana ndi mfunda wake, n'kuzungulira ndi mwambi asanafike pa nkhani, womasulira amadula zonsezo n'kusiya chiganizo chimodzi chouma. Woonera wa kunja amaganiza kuti gogoyu ndi wa mawu ochepa, pamene ife tikumva kuti wanena zambiri, ndipo zina wazibisa mwaulemu.

Mawu achiwiri ndi arquivo, nkhokwe ya zithunzi, mafilimu ndi mapepala akale. Pano mpamene kusiyana kwa mabanja kumaonekera poyera. Margarida Cardoso, Mpwitikizi amene anakulira ku Beira bambo ake ali msilikali wa ndege, anakonza Natal 71 kuchokera pa zinthu ziwiri zomvera: mbale ya galamafoni imene asilikali a Chipwitikizi anapatsidwa ngati mphatso ya Khirisimasi mu 1971, ndi kaseti ya Cancioneiro do Niassa, nyimbo zodandaula zimene asilikaliwo ankajambula mobisa. Raoul Peck wa ku Haiti, pokonza filimu yake yoyamba ya Patrice Lumumba, anali ndi timafilimu ta banja lake ta nthawi imene ankakhala ku Congo. Awa anali mabanja okhala ndi kamera ndi makabati osungiramo zinthu. Banja lothawa usiku kudzera ku Zóbuè kapena ku Calomue linanyamula mwana, mphika ndi bulangete. Anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique anakhala ku Malawi m'zaka za nkhondo yapachiweniweni, ndipo zithunzi zawo zambiri zimene zilipo anajambula ndi atolankhani ndi mabungwe othandiza: mizere ya anthu odikira ufa, nkhope zopanda mayina.

Nkhokwe ya boma nayo siyodalirika kwenikweni. Nyumba ya Instituto Nacional de Cinema inapsa mu 1991, ndipo zimene zinapulumuka ndi zimene boma linkafuna kuti zioneke. Boma lili ndi njira inanso yokumbukira, yolemba mayina pa misewu ndi madera. Dera lino likutchedwa ndi dzina la Mateus Sansão Muthemba, mmodzi wa atsogoleri a Frelimo amene anaphedwa ku Dar es Salaam mu 1968. Madera oyandikana nawo ndi a Josina Machel, Francisco Manyanga, Filipe Samuel Magaia. Mayina amenewa sadzaiwalika chifukwa ali pa zikalata zonse. Koma dzina la mlongo wa agogo amene anatsala m'njira lili m'mutu mwa munthu mmodzi kapena awiri basi.

Ndiye wojambula wa kuno ayenera kukulitsa tanthauzo la nkhokwe. Tsegulani sutikesi ya pansi pa bedi: mupezamo khadi la ubatizo lopindikapindika lokulungidwa m'pepala la pulasitiki la shuga, khadi lolandirira chakudya kumsasa lobooledwa m'mbali, chithunzi chimodzi cha pa chiphaso chokhala ndi dzimbiri la waya pakona. Pa chithunzicho munthu sakumwetulira, chifukwa anajambulitsa polamulidwa. Zimenezo ndi arquivo. Chipsera cha pa mwendo, nyimbo ya ku tchalitchi cha kumsasa, mtengo umene Azevedo anautsatira, zonsezo ndi arquivo.

Pamene zithunzi palibe, ntchito yaikulu imagwera umboni, testemunho: munthu kukhala pamaso pa kamera n'kunena zimene anaona. Ophunzira kumene amaganiza kuti apa mpophweka, kungoyatsa kamera n'kufunsa. Sizili choncho. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, Mozambique inasankha kukhululukira onse mwa lamulo. Sikunakhale bungwe lofufuza choona ngati limene South Africa inakhazikitsa pambuyo pake. Amene anawombera ndi amene anawomberedwa anabwerera m'midzi imodzimodzi, ena mpaka kukwatirana. Kukhala chete kunasanduka gawo la mtendere. Mdzukulu akafunsa kuti "Agogo, anatentha nyumba yathu ndani?", yankho likhoza kukhala dzina la munthu amene mdzukulu wake amagulitsa naye limodzi pa msika.

Inadelso Cossa analimbana ndi zimenezi mu As Noites Ainda Cheiram a Pólvora, imene inaonetsedwa koyamba ku Berlin mu 2024. Anabwerera kumudzi kwa agogo ake aakazi kukafunsa za nkhondo, n'kupeza kuti matenda a Alzheimer akuwalanda chikumbukiro cha zakale pang'onopang'ono, ndipo m'mudzi momwemo mukukhala munthu amene anali msilikali wa zigawenga. Chimene ndimachikonda mu ntchito yotere n'chakuti sayesa kukonza umboni kuti uwongoke. Gogo akasokoneza chaka, akabwereza nkhani mosiyana ndi dzulo, wojambula wanzeru amazisiya momwemo. Filimu si khoti. Khoti limafuna kudziwa tsiku ndi ola; filimu ya banja imafunanso kudziwa chifukwa chimene munthu amalumphira chaka china chake nthawi zonse akamasimba moyo wake.

Palinso kukumbukira kwa amene sanaone. Marianne Hirsch wa ku Columbia University anakutcha postmemory, polemba za ana a Ayuda amene anapulumuka kwa Hitler: mwana kukula ndi zoopsa za makolo ake mpaka kumazimva ngati zinamuchitikira yekha. Mwana wa ku Tete wobadwa mu 2000 sanamve mfuti za nkhondo ija, komanso sanaone zimene asilikali a Chipwitikizi anachita ku Wiriyamu, pafupi ndi mzinda uno, pa 16 Disembala 1972, pamene anapha anthu mazanamazana. Koma amadziwa nthawi imene mayi ake amasintha nkhani. Ojambula mafilimu a mtunduwu ambiri ndi a m'badwo wotere, ndipo n'chifukwa chake mafilimu awo amadzaza ndi mafunso kuposa mayankho.

Kuseweranso zimene zinachitika, reconstituição, ndiyo njira imene anthu amakangana nayo kwambiri. Ku Mozambique si yachilendo. Ruy Guerra, mu Mueda, Memória e Massacre, anajambula anthu a ku Mueda akusewera okha kuphedwa kwa abale awo kwa pa 16 Juni 1960. Azevedo anapita patali mu Desobediência ya 2002: mayi amene abale a mwamuna wake ankamunena kuti ndiye anachititsa kuti mwamunayo adziphe anasewera nkhani yake yomwe, achibale enieni n'kusewera mbali zawo, ndipo malo a malemuyo anatenga m'bale wake amene anabadwa naye mapasa. Rithy Panh wa ku Cambodia, posowa chithunzi cha banja lake limene linafa mu ulamuliro wa Khmer Rouge, anaumbitsa tianthu tadothi mu The Missing Picture ya 2013. Asmae El Moudir wa ku Morocco anamanga ndi bambo ake kachifaniziro ka dera lawo la ku Casablanca, n'kuitana banja lonse kuti lisimbe za zipolowe za 1981 likuloza tinyumbato. Sarah Polley wa ku Canada, mu Stories We Tell ya 2012, anasakaniza timafilimu tenitieni ta mayi ake ndi tina tojambula ndi osewera, n'kudzaulula kumapeto.

Ine sindiona bodza m'zimenezi, bola woonera adziwe, msanga kapena mochedwa, kuti apa tikusewera. Chimene ndimakana ndi kuuza agogo kuti alirenso chifukwa poyamba batire linatha.

Za mawu omveka anthu amaziiwala. Aliyense amathamangira chithunzi, koma filimu ya umboni imafa ndi maikolofoni. Yesani kujambula m'nyumba ya malata ku Muthemba masana a mwezi wa Novembala: malata akuthetheka ndi dzuwa, fani ikulira, njinga zamoto zikudutsa, mbuzi ya aneba ili pa zenera, ndipo gogo amalankhula motsitsa akafika pa nkhani yeniyeni. Odziwa amajambula m'mamawa kapena usiku, amayandikitsa maikolofoni pa chifuwa, ndipo akamaliza amapempha onse akhale chete kwa mphindi imodzi kuti ajambule phokoso la chipindacho, lodzatsekera mipata polumikiza.

Kulumikizako, montagem, ndi kumene filimu imabadwira. Munthu amabwera ndi maola ambirimbiri n'kutsala ndi ola limodzi, ndipo mphamvu zake zonse zili pa zimene wataya ndi zimene waika moyandikana. Ikani mawu a amalume akuti "tinalibe chochita" pambuyo pa chithunzi cha manda, mwawapezera mlandu. Aikeni pambuyo pa chithunzi cha ana akudya, mwawasandutsa mpulumutsi. Mawu ndi omwewo, ndipo palibe bodza limene mwanena.

Apa ndiye pakutulukira nkhani ya chilolezo. Makampani a kanema ndi zikondwerero za mafilimu amafuna pepala losainidwa ndi aliyense woonekamo. Pepalalo limaganiza kuti nkhani ya munthu ndi yake yekha. Kwa Achewa sizili choncho: nkhani ya mayi imakhudza mbumba yonse, ndipo mwini mbumba, amalume, ali ndi mawu, ngakhale m'mabanja ena kuno mphamvu zimenezo zili kuchimuna. Gogo akhoza kudinda chala pa pepala chifukwa wopemphayo ndi mdzukulu wake wokondedwa amene sangamukanize, osadziwa kuti pofika mawa kadutswa ka filimuyo kadzakhala pa WhatsApp ya achibale a ku Blantyre ndi ku Johannesburg. Ndiponso amene anamwalira sasaina, chonsecho ndiwo amatchulidwa kwambiri.

Ojambula ena amaonetsa banja filimu isanatuluke, ndipo ndikuona kuti kuno n'kofunika kutero, pabwalo, onse alipo, osati kutumizirana pa foni mmodzimmodzi. Zikatero amalume akhoza kunena kuti, "Mphwanga, apo pokamba za mayi ako aang'ono pachoke." Nthawi zambiri pamenepo mpamene pagona filimu yonse. Wojambula angathe kuchotsa dzina n'kusiya nkhani, angathe kudetsa chithunzi mawu okha n'kumamveka, angathenso kupempha amalumewo kuti kukana kwawo akunene pamaso pa kamera, kukhale gawo la filimu. Zikakanika zonsezi, ena amasunga kadutswako pa hadi disiki n'kudikira zaka, ena amatulutsa filimu momwemo n'kuvomera kuti kumudzi adzayamba afika ndi nkhoswe.