Gofu panjira ya ku Chongwe

Ife a ku Chongwe gofu tinkangoionera patali. Masewerawa anabwera ndi atsamunda. Bwalo la ku Livingstone linayamba mu 1908, ndipo makampani a migodi anamanga ena ku Nkana, Nchanga ndi Mufulira. Munthu wakuda ankalowamo ngati wonyamula thumba la ndodo basi. Koma anyamata onyamula matumbawo ndiwo anaphunzira msanga. Ankadula nthambi yokhota ya mgwafa, n'kutola mpira wotayika m'thengo, n'kumamenya madzulo azungu atapita. Agogo anga ankati mabwalo ang'onoang'ono analibe kapinga pozungulira dzenje, munali mchenga wothira oyilo umene ankausalaza munthu asanamenye.

Ufulu utabwera mu 1964, zipata zinatseguka. Pulezidenti Kenneth Kaunda ankakonda gofu kwambiri, moti ku State House kunali bwalo la maenje 9. Mpikisano wa Zambia Open unayamba mu 1972, ndipo mu 2006 katswiri wa ku Zambia Madalitso Muthiya anasewera mpikisano wa US Open ku America.

Lero m'boma lathu lomweli muli bwalo la Bonanza, la maenje 18, lojambulidwa ndi Peter Matkovich, kufupi ndi bwalo la ndege. Ndi lokongola zedi. Komabe wongoyamba kumene ndimamulangiza kuti abwereke ndodo, asewere maenje 9 okha pakati pa sabata, monga ku Chilanga kapena ku Chainama Hills. Chimene ndikulakalaka n'chakuti khonsolo ya Chongwe ipatule malo a kabwalo kakafupi kotsika mtengo, kuti ana asukulu aziphunzirirapo.