Chingerezi cha ku Nkhata Bay: Mmene Makolo Athu Anachipezera

Anzanga ophunzira akale, dziko lonse la Malawi limadziwa nthabwala ziwiri zonena za ife anthu a kuno kunyanja. Yoyamba imati Mtonga amamanga tayi ngakhale popita kokagwira usipa. Yachiwiri imati akapsa mtima amakalipa m'Chingerezi. Za tayi tidzakamba tsiku lina. Lero ndifuna ndikambe za Chingerezicho, chifukwa mbiri yake ndi yoona ndithu, ndiponso ikukhudza ana athu amene akuchoka pa sukulu yathu kupita ku makoleji.

Nkhaniyi inayambira ku Bandawe, kummwera kwa tauni yathu ino kupitirira Chintheche. M'chaka cha 1881 Dr. Robert Laws ndi anzake a mishoni ya Livingstonia anasamukira kumeneko kuchokera ku Cape Maclear, kumene malungo anawasautsa koopsa. Atonga pa nthawiyo anali atapanikizidwa ndi nkhondo za Angoni, akukhala m'malinga m'mphepete mwa nyanja, ndipo sukulu anailandira ndi manja awiri. Chifukwa chake nchosavuta kuchiona. Kampani ya Mandala inkafuna akapitawo ndi makalaliki, ndipo mnyamata wotha kumva zimene mzungu akunena ndi kumuyankha pomwepo ndiye ankapatsidwa udindo woyang'anira anzake. Kwa makolo athuwo Chingerezi chinali ngati khasu kapena bwato, chida chopezera chakudya. Pamene Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Overtoun ku Khondowe mu 1894, ana ambiri a ku Bandawe anakwera phiri kukapitiriza maphunziro, ndipo m'makalasi apamwamba ankaphunzira m'Chingerezi.

Chipatso chodziwika kwambiri cha sukuluzi ndi malemu Clements Kadalie a m'mudzi wa Chifira pafupi ndi Bandawe. Atatsiriza maphunziro a uphunzitsi ku Livingstonia anaphunzitsa kanthawi kochepa chabe, ndipo mu 1915 ananyamuka ulendo wa kummwera monga ankachitira anyamata ambiri. Anagwira ntchito ku Mozambique ndi ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town mu 1918. Chaka chotsatira anakhazikitsa bungwe la apantchito lotchedwa ICU, limene pofika 1927 linali ndi mamembala pafupifupi 100,000. Tsono taganizani bwino. A Kadalie anali mlendo m'dzikolo. Chixhosa, Chizulu ndi Chisotho sizinali zilankhulo zawo. Pa misonkhano ankalankhula Chingerezi, omasulira ataima pambali pawo, koma anthu zikwizikwi ankakhamukira kukawamva, ndipo boma la Azungu linkawaopa. Mu 1927 anapita ku Geneva ndi ku Britain kukalankhulira antchito akuda.

Chimene chimandikhudza mtima pa mbiri yawo nchakuti ngakhale anali ndi setifiketi ya ku Livingstonia, atafika ku Cape Town anakalembetsabe maphunziro a kalankhulidwe ka pagulu. Anazindikira kuti kulemba kalata yopanda cholakwa ndi luso lina, kuima pamaso pa anthu ndi kuwagwira mtima ndi luso linanso.

Amene anatsala kuno kwathu sanagone. Mu 1914 aphunzitsi, abusa ndi makalaliki anayambitsa bungwe la West Nyasa Native Association, limene linkatumiza madandaulo a anthu ku boma m'Chingerezi. M'boma lomweli munachokera a Orton Chirwa, loya woyamba wa Chimalawi, amene anayambitsa chipani cha Malawi Congress mu 1959, ndiponso a Kanyama Chiume a ku Usisya. Zida za anthu amenewa zinali pakamwa ndi cholembera.

M'nthawi yathu, ife amene tinali pa sukulu m'zaka za m'ma 1970, zinthu zinali zitasintha. Mu 1968 boma linalamula kuti zilankhulo za dziko zikhale Chichewa ndi Chingerezi, kotero mwana wa kuno ankalankhula Chitonga kunyumba, nkumalimbana ndi zilankhulo ziwiri zachilendo m'kalasi. Komabe makutu athu sankasowa chakudya. Wailesi ya MBC inkaulutsa maphunziro a sukulu, ndipo usiku tinkaunjikana pa kawailesi kamodzi kusakasaka BBC, mawu akubwera ndi kupita ngati mafunde. Dr. Banda ankalankhula Chingerezi pa misonkhano yawo, a John Msonthi, ndipo pambuyo pake a John Tembo, nkumamasulira. Ndale za nthawiyo tonse tikuzidziwa, koma pa nkhani ya kumvetsera, misonkhanoyo inali kalasi yaulere: unkamva chiganizo, nkuchimasulira mumtima, kenaka nkumva ngati womasulira wagwirizana nawe. Panalinso mtsutso wa Loweruka madzulo, ndi mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi wa bungwe la ATEM, umene unatulutsa malemu Du Chisiza Jr. mu 1982.

Panali mwambo umodzi m'sukulu zambiri umene sindiuyamikira: kulanga mwana wogwidwa akulankhula chilankhulo cha kwawo. Ena mudzati unatithandiza. Ine ndinaona anzathu ena, anzeru zawo ndithu, akusanduka osalankhula teremu yonse poopa chilango ndi kusekedwa. Munthu saphunzira kusambira ataima pamchenga.

Vuto lenileni lagona pa mayeso. Kuti munthu alandire setifiketi ya MSCE ayenera kukhoza Chingerezi, koma mayesowo ndi olemba. Aphunzitsi, pofuna kuti ana akhoze, amalimbikira galamala, chimangirizo ndi kufupikitsa nkhani, ndipo sitingawadzudzule. Zotsatira zake zimaonekera ku koleji. Chiyambire kutsegulidwa kwa Yunivesite ya Malawi mu 1965, ndiponso ya Mzuzu mu 1999, wophunzira wa chaka choyamba wakhala akukumana ndi aphunzitsi ochokera ku Britain, India, Nigeria kapena America, aliyense ndi katchulidwe kake, akulankhula ola lathunthu osalemba manotsi pa bolodi. Mwana amene anakhoza bwino amangoti kukamwa yasaa, ndipo akamuuza kuti afotokoze ntchito yake pamaso pa anzake, mawondo amaombana.

Si umbuli ayi. Zilankhulo zathu zili ndi mavawelo asanu okha, pamene Chingerezi cha ku Britain chili ndi maliwu a mavawelo pafupifupi 20. Nchifukwa chake khutu lathu limamva ship ndi sheep ngati mawu amodzi, chimodzimodzinso hat, hut ndi heart. Timasokoneza l ndi r, ndipo timakonda kuika vawelo kumapeto kwa mawu. Mwini chilankhulo amatsindika phatikizo limodzi nkumeza enawo, pamene ife tinazolowera kutchula onse momveka. Zoterezi buku silingachize. Khutu liyenera kumva kambirimbiri, lilime nkuyesa, wina nkukonza.

Umboni uli pa doko pathu pomwepa. Tsiku lofika Ilala, kapena mukatsikira ku Chikale, tamverani anyamata ogulitsa ziboliboli akutsatsa malonda kwa alendo. Ambiri sanafike Fomu 4, ndipo kalata yofunsira ntchito ingawavute, koma amamva Mjeremani, Mwamerika ndi wa ku Australia mosavuta, nthabwala nkubweza pomwepo. Akuphunzira monga ankaphunzirira akapitawo a Mandala aja.

Mu 2014 unduna wa zamaphunziro unalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1. Akatswiri anatsutsana kwambiri pa nkhaniyi, ndipo ine ndimakayika ngati lamulo lokha lingatsegule pakamwa pa mwana amene ali m'kalasi ya ana oposa 100.

Nchifukwa chake ndapempha komiti yathu kuti pa msonkhano ukubwerawu tikambirane zotsitsimutsa mtsutso wa Loweruka pa sukulu yathu. Ife okhala pafupi, kuno ku boma, ku Chintheche ndi ku Mzuzu, tizisinthana kubwera kudzaweruza, makamaka kwa a Fomu 3 ndi 4. Pakufunika sipika imodzi yabwino yolumikiza ku foni, kuti ana azimvera nkhani za pa wailesi za maiko osiyanasiyana ndi kufotokoza pakamwa zimene amva, komanso azijambula mawu awo ndi kudzimvera okha. Anzathu a ku Johannesburg ndi ku London, sipikayo tikuyang'ana kwa inu. Ofuna kuweruza nawo apereke maina awo kwa mlembi msonkhano usanafike.